Bodza la a Sitithamanga

Mumsewu mwathu muno munali bambo wina amene ankanama Loweruka lililonse m'mawa. Bodza lawo linali limodzi lomwelo, koma anthu akuluakulu, a ndevu zawo, ankagwa nalo chaka ndi chaka. Ankaima pakati pa anzawo opalasa njinga, n'kutsokomola pang'ono, n'kudzigwira m'chiuno, n'kunena ndi nkhope yomvetsa chisoni kuti, "Anyamata, lero sitithamanga." Akangotero, wina asanamalize n'komwe kumanga lamba wa chipewa, iwo ali uko, kamsana kokha kakuoneka m'chifunga. Dzina lawo lenileni linalipo, koma ine ndinakalimvera pamaliro. Tonse, ndi ana omwe, tinkangoti a Sitithamanga.

Ntchito yawo inali yometa tsitsi. Kanyumba kawo kometeramo kali tsidya la msewu, moyang'anana ndi zenera lathu. Munali mpando umodzi wachikopa womatamata ndi tepi, galasi la mng'alu pakona, benchi ya odikirira, ndi njinga. Njingayo sinkagona pansi ayi. Ankaipachika kudenga, pamwamba penipeni pa mpando wometerapo, moti tsiku limene athira mafuta tcheni, munthu ankatuluka ndi kadontho kakuda pamutu.

"Musapukute," ankatero. "Amameretsa tsitsi amenewo."

Eni akewo anali ndi dazi kuyambira pachipumi mpaka kunkhongo. Anali munthu wamfupi, wouma, wopanda mnofu pena paliponse kupatula akatumba a m'miyendo, amene ankaoneka ngati achita kubwereka kwa munthu wina.

Ine za njinga sindizidziwa bwino. Chimene ndimachidziwa ndi mpando wa pakona pabalaza pathu. Fakitale imene amuna anga ankagwirako ntchito itatsekedwa, anabwera n'kukhala pampando umenewo, ndipo tinganene kuti sanadzukeponso. Sankamwa mowa, sankandikalipira. Bola akanakalipa. Ankangokhala, maso kukhoma, chakudya n'kumazizira pambali pawo. Ine ndinali ndi pakati pa mwana wathu woyamba. Ndikawayankhula ankangoti "mm". Tsitsi linakula, ndevu zinakula.

Tsiku lina ndinangomva pakhomo, "Odi muno! Ndamva kuti muno mwamera tchire."

"Tchire liti, bambo?"

"Ilo lakhala pampandolo. Tandisonyezani soketi, mwana wanga."

Sanapemphe chilolezo kwa mwini mutu. Anawakulunga nsalu m'khosi, n'kuyatsa makina, n'kuyamba kuyankhula okha: za bondo lawo, za msana wawo, za ukalamba umene wawatha. Pomaliza anakuntha nsalu ija n'kunena kuti, "Mnyamata iwe, Loweruka ukandiperekeze. Ndili ndi njinga ina yakale. Ndikufuna munthu wonditola ndikagwa, poti ndatha ine. Usaope, sitithamanga."

Sindikudziwa chimene chinawapititsa amuna anga, mwina manyazi okana munthu wamkulu. Anabwerako masana akuyenda chotangadza, milomo itauma, masanzi ali pamkono wa malaya. Anaima pakhomo n'kukuwa, munthu amene ndinali nditaiwala mawu ake:

"Mdala uja ndi wabodza! Wabodza wamkulu! Wandisiya pachitunda ngati galu!"

Anatukwana, anadya mbale yonse, anagona. Ine ndinalowa kukhitchini n'kuthokoza Mulungu chifukwa cha kutukwanako. Loweruka lotsatira anadzuka okha, akuti akamuonetse mdalayo. Ntchito anadzaipeza pambuyo pake kusitolo ya matabwa, koma ine ndimadziwa kuti chinawadzutsa pampando ndi mkwiyo wa tsiku lija.

Ndayamba ndi zimenezi kuti mumvetse mantha amene ndakhala nawo masabata apitawa. A Sitithamanga atamwalira, amuna anga anabwerera pampando womwe uja, ndipo wobwera ndi makina ometera kunalibe.

Mmene anandifotokozera amuna anga, nkhani ya Loweruka ili chonchi. Nyengo yozizira kulibe mipikisano ya njinga. Ndiye anthu a njinga zothamangitsa zija, za matayala owonda ngati chala, amakumana m'mamawa pamalo othirira mafuta galimoto, n'kuyenda limodzi ulendo wautali kuti miyendo isaiwale ntchito. Amayenda m'mizere iwiri. Akutsogolo amalimbana ndi mphepo, akumbuyo amabisala, kenaka amasinthana. Lamulo lake ndi lakuti palibe kupitirirana, ndipo palibe kusiya mnzako m'mbuyo. Wokumbutsa anzake lamuloli sabata iliyonse, chala chili m'mwamba, anali a Sitithamanga.

Ulendowo umakathera kutali, kupitirira mlatho ndi chitunda chachitali, pamalo ophikira buledi. Usanafike pali chikwangwani chachikulu chotsatsa matiresi. Woyamba kudutsa chikwangwanicho ndiye amakatsamira khoma la uvuni, lofunda bwino, pamene ena onse akumwa tiyi ataima pamphepo, mano akugundana. Kulibe chikho, kulibe mendulo. Khoma basi.

"Ndiye mumakadzizunzira khoma?" ndinawafunsa tsiku lina.

"Iwe sunalitsamirepo."

"Nanga inu?"

Anali asanalitsamirepo. Kugulu kuja ankawatcha Ngolo, chifukwa nthawi zonse ankachita kukokedwa kumbuyo kwa wina.

Matenda a a Sitithamanga ankayamba Lachisanu madzulo. Ndinkawaona pazenera akusesa tsitsi pakhomo, ali bwinobwino, akuimba mluzu. Akangoona wanjinga mnzawo akukhota pakona, mwendo n'kuyamba kutsimphina. Anali ndi bandeji ina yake yofiirira ndi ukalamba imene ankamanga pabondo. Loweruka lina Wamagetsi, bambo wamtali wolumikiza mawaya m'nyumba za anthu, amene anapikisana nawo kuyambira onse ali ndi tsitsi, anaiyang'anitsitsa bandejiyo.

"Mdala, sabata yatha inali kumanzere iyi."

"Eya. Matendawa akuyenda. Akafika m'chiuno ndiye basi."

"Wakuuzani ndani?"

"Thupi langa lomweli. Tiyeni pang'onopang'ono, anyamata, mwina ndi ulendo wanga womaliza uno."

Khoma analitsamira iwo tsiku limenelo, akupukutira thukuta bandeji yomwe ija.

Tsiku lina anapempha kuti gulu lonse liime, akuti chikhodzodzo cha munthu wokalamba sichidikira. Onse anavomera, poti kuzizira kumatero ndi aliyense. Anatsika, aliyense n'kupeza chitsamba chake. Tsono makabudula awo othina aja ali ndi malamba okolowekeka m'mapewa, mkati mwa jezi, moti kuti munthu adzithandize ndi ntchito ndithu. Ali mkati molimbana ndi malambawo anangomva tcheni chikulira. A Sitithamanga anali asanatsike n'komwe panjinga. Amuna anga akuti Wamagetsi anawathamangira kaye wapansi, kabudula ali m'mawondo, asanakumbukire kuti ali ndi njinga.

A Sitithamanga ankaika m'chifuwa nyuzipepala zakale zotchinjiriza mphepo. Thukuta likazinyowetsa, inki inkatsalira pakhungu. Akazi awo, mayi wachete wosoka makatani, anandiuza kuti iwo nkhani za dziko ankaziwerengera pachifuwa cha amuna awo, kungoti zilembo zinkakhala zotembenuka, ndiye ankawaimika kaye kutsogolo kwa galasi.

Amene anapwetekedwa mtima kwambiri ndi Nesi. Ndi mkazi yekhayo m'gulu lija, namwino weniweni wa kuchipatala, ndipo amapalasa kuposa amuna ambiri. Atangolowa kumene, ena sanamuchenjeze, ankafuna aonere. Ali pachitunda chachitali chija, iye ali kutsogolo, anamva kumbuyo kwake, "Mwana wanga, mutu ukuzungulira." Atatembenuka anaona mdala lilime lili panja, njinga ikupepeluka. Anaima, naye mdala anaima. Nesi anawagwira pamkono kuti amve kugunda kwa mtima. A Sitithamanga anangosolola dzanja m'golovesi mwakachetechete, n'kunyamuka. Nesi anatsala pamsewu atagwira golovesi yopanda munthu.

Anawapeza atatsamira khoma, dzanja limodzi lili m'khwapa.

"Zikomo pondisungira, mwana wanga, chala chinayamba kuuma."

"Bambo, tsiku lina mudzagwadi, ndipo ine ndidzangokudumphani ngati bampu."

"Wayamba kuchenjera. Sukulu imeneyi ena amaitenga zaka."

Palinso ya miyendo. Amayi anga atabwera kudzaona mwana, amuna anga analowa m'nyumba atavala kabudula, miyendo ili see, ikunyezimira ngati botolo. Amayi anawayang'ana, anandiyang'ana, n'kundiitanira kukhitchini.

"Amuna akowa akudwala chiyani?"

"Sakudwala, amayi. Ndi za njinga."

"Njinga imathothola ubweya?"

Anali a Sitithamanga. Ankati ubweya umakola mphepo, ndiye gulu lonse ankalimeta miyendo pampando wachikopa uja. Wamagetsi yekha anangomumeta mwendo umodzi, makina n'kuzima.

"Magetsi athima. Inu eni ake mukudziwa mavuto ake."

"Nanga babu ili likuyaka bwanji?"

"Limenelo ndi louma mutu."

Mwendo winawo anakana kuumaliza, ndipo sabata yonse ankauza aliyense wobwera kudzameta kuti Wamagetsi tsopano akupalasa mozungulira, poti mwendo wina ukuthamanga kuposa unzake.

Mwana wathu atabadwa, a Sitithamanga anabwera kudzamuona, anamunyamula, n'kumuyeza m'manja mmene amayezera wilo. "Kopepuka," anatero. "Kadzakwera zitunda aka." Anamutcha Kagiya, dzina n'kumata. Ine ndinasanduka amake Kagiya, ndipo dzina limene tinam'patsa ife limangotchulidwa kusikelo.

A Sitithamanga ankawakonda amuna anga mwa njira yawo, ndiye kuti ankawanyoza kuposa onse. Akabwerako Loweruka ankakhala pakhonde pathu, nsapato atavula, n'kumawaphunzitsa.

"Ngolo, tamvera. Wanjinga akamaseka, watopa, ukhoza kumudya. Akamadandaula, muope. Ine ukadzamva ndikuti ndikufa, usadzatembenuke. Udzathawe ndi mphamvu zako zonse, chifukwa ndiye kuti ndikubwera."

"Tsiku lina ndidzakupitirirani, mdala."

"Ukadzatero ndidzakumeta nsidze."

Chisanu cha chaka chino chitayamba, gulu linatopa nawo. Anali atatsamira khoma masabata otsatizana, tsiku lina chifukwa cha chimfine, lina chifukwa cha dzino. Wamagetsi anaitanitsa msonkhano wachinsinsi, ndipo unachitikira pabalaza pathu, makatani titatseka kuopa kuti angaone ali tsidya. Ine ndinkathira tiyi, Kagiya akukoka zingwe za nsapato za alendo.

"Vuto lathu ndi chifundo," anatero Wamagetsi. "Timadziwa kuti akunama, koma timadikirabe kuti amalize kunamako. Loweruka lino akangoyamba kudandaula panjira, tonse tinyamuke nthawi imodzi. Tizisinthana kutsogolo osapuma mpaka pachikwangwani. Ndipo wina asatembenuke. Ukangotembenuka amakugwira ndi nkhope ija."

"Akati tayala laphwa?" anafunsa wina.

"Liphwe."

"Akati agwa?"

"Agwe," anatero Nesi. "Ine ndiye ndinalonjeza kale."

Tinaseka tonse mpaka Kagiya naye anaseka osadziwa nkhani. Ndinawawonjezera tiyi.

Za Loweruka limenelo anandiuza ndi Nesi, chifukwa amuna anga sanandiuzepo. Kunazizira koopsa, chifunga chili tho. A Sitithamanga anafika mochedwa pothirira mafuta paja, opanda bandeji. Lamulo lija sanalinene. Anangoima atatsamira handulo n'kunena motsitsa mawu kuti, "Anyamata, lero sitithamanga. Pachifuwa apa pakundithina."

Onse analuma milomo kuti asaseke.

"Yatsopano imeneyo, mdala," anatero Wamagetsi. "Bondo lachira?"

Nesi akuti anaiona nkhope yawo, inali yotuwa, milomo yomwe. Anaganiza kuti adzipaka paudala uja amathira anthu m'khosi akatha kuwameta, ndipo mumtima anawayamikira kuti ulendo uno akonzekera ndithu.

Ananyamuka bwinobwino m'mizere iwiri, mdala ali kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi amuna anga. Aliyense khutu lili m'mbuyo, kudikira. Anayenda mtunda wautali osamva kanthu. Atangowoloka mlatho, mawu anamveka:

"Ngolo, tadikira."

Chinali chizindikiro chimene ankachiyembekezera. Gulu lonse linaimirira pamapedulo nthawi imodzi. Nesi akuti sanaonepo anthu akupalasa chotero, ngakhale pampikisano weniweni. Kaphokoso kalikonse kumbuyo, aliyense ankati ndi iwo akubwera, n'kuwonjezera moto. Palibe anatembenuka. Pachitunda ena anayamba kugwa mphwayi, Wamagetsi mpweya unamuthera, Nesi naye miyendo inakana chakumapeto. Amuna anga, Ngolo, amene moyo wawo wonse wa panjinga anauthera kuyang'ana tayala la munthu wina, anadutsa chikwangwani cha matiresi ali okha, manja ali m'mwamba, akukuwa.

Anakatsamira khoma. Anadzikonza bwinobwino, mwendo pamwamba pa unzake, kapu m'manja, maso kumsewu. Mawu anali atawakonzeratu, anauza Nesi: mdala akangofika amufunse kuti, "Mwachedwa bwanji, matenda?"

Anadikira. Tiyi anatha. Wina anati mdala wabisala kuseri kwa nyumba, akufuna atitulukire modzidzimutsa. Anakasuzumira kuchimbudzi ndi kuseri kwa matumba a ufa. Wamagetsi anati ayi, waona kuti waluza ndiye wabwerera kunyumba, mawa adzati ife ndi amene tinasochera. Ananyamuka ulendo wobwerera akusekabe, akukambirana mmene akamunyozere.

Anawapeza pafupi ndi mlatho, atakhala paudzu, atatsamira chitsulo cha m'mbali mwa msewu. Njinga anali ataigoneka bwinobwino, mbali ya tcheni ili m'mwamba kuti musalowe mchenga. Chipewa anali atavula, chili pamiyendo. Wamagetsi anakuwa ali patali, "Dzukani, mdala, taonani tabwera, sewero latha!" Nesi yekha ndi amene anadumpha panjinga isanaime. Anawagwira pamkono. Ulendo uno dzanja linakhala momwemo m'golovesi.

Kuchipatala anati ndi mtima. Ndinamufunsa Nesi ngati akanapulumuka anthu akanaima. Tsiku loyamba anati ayi. Tsiku lina anati sakudziwa. Sindinamufunsenso.

Uthenga unandipeza ndikuyanika zovala za mwana. Ndinamva, ndinati chabwino, ndinamaliza kuyanika, ndinalowetsa beseni. Ndinadikira kuti misozi ibwere, koma mpaka lero sinabwere. Ndimangomva ngati mmene limakhalira dzanja ukaligonera.

Pamaliro anjinga anabwera onse atavala masuti ndi majekete, ndipo ena sanazindikirane, poti anazolowerana m'zipewa ndi m'magalasi. Ankachita kuyang'anana miyendo. Popita kumanda anatsatira galimoto ya bokosi atakwera njinga zawo, pang'onopang'ono, ndipo ndinamva Wamagetsi akuuza mnzake kuti aka n'koyamba kuwaona ali kutsogolo koma osathawa. Mayi wamasiye anamumva. Anatulutsa mutu pazenera la galimoto n'kunena kuti, "Musawakhulupirire ngakhale pano, bambo. Khalani pafupi." Anthu anaseka akulira. Amuna anga anabwera wapansi, ndipo sanaseke, sanalire.

Kuchokera kumanda anafikira pampando wa pakona. Njinga anaikankhira kuseri kwa kabati. Masiku oyamba kuntchito ankapitabe, koma ngati katundu wotumizidwa, ndipo kenaka anayamba kujomba. Kagiya ankawakwera pamiyendo, kuwakoka ndevu, iwo osamuona. Chakudya chinayambanso kuzizira pambali pawo. Ine zonsezi ndinaziona kale, ndimadziwa kumene zimapita.

Nesi anabwera kudzawaitana, anangoti "mm". Wamagetsi anabwera, anakhala, kenaka anakonza switchi ya kukhitchini imene sinali yowonongeka, n'kumapita. Mayi wamasiye nawo anawoloka msewu.

"Bambo a Kagiya, amuna anga aja ananama moyo wawo wonse. Tsiku la ukwati wathu lomwe anandiuza kuti njinga agulitsa. Ine ndikanakhalapo pamlatho paja, ndikanathawa kuposa inu."

"Mm."

Atapita, ndikuchotsa makapu, anayankhula osandiyang'ana. "Anaitana ine. Sanaitane Nesi, sanaitane gulu. Anaitana ine." Ndi mawu okhawo amene ndinawamva masabata onsewo.

Msewu wathu nawo unangoti zii. Kometera kuja n'kotseka. Mayi wamasiye anapempha kuti njinga ipachikidwenso kudenga, ndiye ukasuzumira pagalasi la chitseko umaiona ili pamwamba pa mpando wopanda munthu. Amuna a mumsewu muno tsitsi lawakulira, aliyense akuzengereza kukameta kwina ngati kuti akamveka. Lachisanu madzulo ndimapezeka ndaima pazenera, koma palibe amene akutsimphina. Aliyense akuyenda bwinobwino, miyendo iwiri yofanana, kupita kwawo.

Loweruka lapitali ndinadzuka mwana asanadzuke. Amuna anga anali kale pampando, bulangete lili m'mapewa. Ndinasuntha kabati, ndinatulutsa njinga, ndinaiimika pakati pa balaza. Matayala anali ofewa. Ndinatenga pampu.

Sikuti ndinkachitira dala ayi. Ine ndinapopapo mpira wa mwana basi. Valavu ya njinga zimenezi ndi yowonda, ili ndi kanati kakang'ono kumutu. Ndinakamasula, ndinadina, mpweya wonse umene unatsala n'kutuluka, psii. Ndinayesa tayala linalo, chimodzimodzi. Ndinalowetsa pampu mokakamiza, inapulumuka. Ndinalowetsanso chopendeka n'kuitsamira ndi thupi lonse.

"Uthyola valavu."

"Ndiye nditani?"

"Siya."

"Sindisiya."

Ndinapitiriza. Kachitsulo kaja kanayamba kupindika ndikuona. Ndinamva bulangete likugwa pansi. Anagwada pambali panga, anandilanda pampu, anawongola valavu ndi zala, n'kuyamba kupopa. Anapopa lakutsogolo, anapopa lakumbuyo, anadina ndi chala chachikulu. Kenaka anaimirira atagwira chishalo, osadziwa chochita nayo njingayo.

Ndinathamangira kuchipinda kukatenga jezi, kabudula ndi nsapato. Ndinawaveka mmene ndimamuvekera Kagiya, mkono uwu, mkono uwo. Sanathandize, komanso sanakane. Pomanga lamba wa chipewa ndinawatsina khungu la pakhosi, sanadandaule.

"Ndikadutsa pamlatho paja," anatero.

"Mukadutsa."

"Akandiyang'ana bwanji anzanga?"

"Onse aja analipo. Inu munangokhala woyamba."

Anatuluka. Njinga anaikankha mpaka pakona, nkhope atatembenuzira kumbali kuti asaone kometera kuja, kenaka anakwera. Ndinaima pakhomo mpaka chifunga chinawameza. Sindinamve chimwemwe, sindinamve mantha. Ndinakatenthetsa madzi osambitsira mwana.

Anabwera mochedwa kuposa masiku onse, dzuwa litapendeka kale.

"Mwayenda bwanji?"

"Tayenda."

"Wapambana ndani?"

"Palibe. Lamulo lija lero talisunga. Mizere iwiri, kupita ndi kubwera. Palibe wadwala bondo, palibe wapempha kukadzithandiza. Pachikwangwani aliyense amafinya mabuleki kuti mnzake adutse, mpaka Wamagetsi watsala pang'ono kugwera m'ngalande."

"Nanga khoma?"

"Panagona mphaka. Tamusiya."

"Pamlatho?"

"Tadutsa."

Anavula jezi n'kundipatsa. Inali youma. Ndinainunkhiza m'khwapa, munkangomveka sopo. Chiyambire amuna anga kupalasa njinga sindinalandirepo jezi yosafunika kuchapa, ndiye ndinaima nayo pakati pa balaza osadziwa koipititsa. Gulu lonse lija, anthu amphamvu zawo, ayenda tsiku lathunthu osatuluka thukuta, chifukwa palibenso wowanamiza.

Iwo anaima akuyang'ana mpando wa pakona. Anauyang'ana nthawi yaitali, ine ndikuwayang'ana iwo. Kenaka anawerama, anatola kansanza pansi pa tebulo, n'kutuluka panja. Ndinamva akutembenuza njinga, tcheni n'kuyamba kulira pang'onopang'ono, Kagiya akuwafunsa kuti ichi n'chiyani, ichi n'chiyani.

Ndinaipinda jezi ija, ndinakoka sutikesi pansi pa bedi kuti ndiisungemo.

"Make Kagiya," anaitana ali panja. "Usaiike kutali."